Kodi kalatayi yafikadi kwa mwini wake? Kuchokera kwa amtengatenga a Fort Johnston kufikira pa linki ya imelo

 Lero ndili ndi nkhani ya positi ofesi, ngakhale kuti yayambira pa foni.

Mwezi watha kunyumba kunafika mtsikana wina amene ndinamuphunzitsa History mpaka Form 4. Dzina ndisunga. Kwawo ndi cha ku Namwera, ndipo MSCE anakhoza moti aliyense wa ife akanamunyadira. Ankafunsira mwayi wina wa maphunziro pa intaneti. Analemba zonse bwinobwino, dzina, tsiku lobadwa, mapointi, nambala ya chiphaso cha unzika, kenako webusaiti ija inamuuza kuti yatumiza linki ku imelo yake, akaidine kuti atsimikize, apo ayi fomu siipita patsogolo. Tsoka ilo, imelo "yake" ija sinali m'manja mwake. Anamutsegulira ndi mnyamata wina wa pa kashopu ka fotokope pa boma pano zaka ziwiri zapitazo. Pasiwedi anasunga ndi mnyamatayo, nambala ya foni yobwezeretsera akaunti inalinso ya mnyamatayo, ndipo iyeyo, monga achitira anyamata ambiri kuno, anali atapita ku Joni. Pomwe ankamupeza pa WhatsApp n'kuti patatha masiku atatu, linki itafa kale.

Anandifunsa misozi ikulengeza: "Aphunzitsi, bwanji sangondikhulupirira? Dzina ndalemba, chiphaso ndalemba, akufunanso chiyani?"

Tsikulo ndinamuyankha mwachidule poti tinali pa changu. Koma funsolo silinandichoke, chifukwa ndi lakale kuposa kompyuta, ndipo tauni yathu ino yakhala ikulimbana nalo kuyambira pomwe inamangidwa. Munthu ali kutali, wakuuza kuti "ndine uje, mundipeza pakuti." Udziwa bwanji kuti amene alandire uthenga wako pamalopo ndi yemweyo?

Azungu asanakhazikitse boma lawo kuno, kumwera kwa nyanja kunali kale mauthenga oyenda mitunda italiitali. Mafumu a Chiyao monga Mponda, Makanjira ndi Jalasi ankatumiza amalonda mpaka ku gombe la nyanja ya mchere, ku Kilwa ndi ku Quelimane, atanyamula minyanga ya njovu komanso, tisabise, akapolo. Uthenga wambiri unkayenda pakamwa. Chotsimikizira chinali munthu mwiniyo: mthenga amene kumene akupitako amamudziwa nkhope, amadziwa amalume ake, amadziwa kuti amadya m'bwalo la mfumu. Mlendo wosadziwika akabwera ndi mawu akuluakulu ankayamba wasungidwa kaye mpaka wina amuvomereze. Kwa Makanjira kunalinso alembi, aphunzitsi a Chisilamu ochokera ku gombe, amene ankalemba makalata a Chiswahili m'zilembo za Chiarabu. Ndimakonda kukumbutsa ana za ichi, chifukwa ambiri amaganiza kuti kulemba kunafika ku Mangochi ndi amishoni.

M'chaka cha 1891 Harry Johnston anamanga linga m'mbali mwa Shire moyang'anana ndi mudzi wa Mponda, n'kulitcha Fort Johnston. Cholinga chinali kugwira pakhosi pa nyanja, pamene madzi amatulukira. Mu Disembala chaka chomwecho Captain Cecil Maguire anaphedwa polimbana ndi anthu a Makanjira, ndipo nkhondozo zinapitirira mpaka 1895 pamene Jalasi anagonjetsedwa pa phiri lake la Mangochi, limene dzina lake ndilo tikudziwika nalo lero. Chaka chomwecho cha 1891 ndi pamenenso positi ya boma inayamba, ku Chiromo. Masitampa oyamba sanali athu enieni: anali a kampani ya Cecil Rhodes ya British South Africa Company, ongodindidwapo zilembo zitatu, B.C.A., kutanthauza British Central Africa.

Taganizirani ulendo wa kalata yochokera ku London nthawi imeneyo. Inkakwera sitima ya pamadzi mpaka ku Chinde, pamathiriro a Zambezi, pamene Apwitikizi anabwereketsa kadera kwa Angelezi. Kuchoka apo inkakwera kasitima ka mumtsinje kukwera Zambezi ndi Shire mpaka pamene mathithi amatsekera njira. Kuyambira pamenepo inkayenda pamutu pa munthu: ku Blantyre, ku Zomba, mpaka kuno, kumene masitima a panyanja ankaitenga kupita nayo ku Nkhotakota, ku Likoma ndi ku Karonga. Mu 1893 boma linaitanitsa Ernest Harrhy kuchokera ku positi ya ku Cape Town kuti adzakonze dongosolo. Amtengatenga a makalata anapatsidwa yunifolomu, zipewa zofiira ndi mfuti zoopsezera mikango, ndipo ankalandirana matumba panjira, usana ndi usiku. Mabuku athu a kusukulu amatchula Johnston. Anthu amene ankadutsa m'tchire la Liwonde mumdima thumba lili pamutu sawatchula, chonsecho boma lonse linkayendera miyendo yawo.

Apa chotsimikizira chinasintha. Kalaliki wa ku Fort Johnston sankayenera kumudziwa wamtengatengayo. Ankayang'ana chidindo chimene chamata pakamwa pa thumba ngati chili chosathyoka, n'kuwerenga pepala loyenda ndi thumbalo lonena zimene zili m'katimo. Chikhulupiriro chinachoka pa nkhope n'kupita pa chinthu chimene wotumiza yekha ndiye akanatha kupanga.

Nkhani imene imandisangalatsa kwambiri pa zonsezi ndi ya 1898. Masitampa a kobiri anatha m'dziko muno, ndipo atsopano ochokera ku Mangalande sanafike pa nthawi yake. Akuluakulu a positi anatenga chidindo chimene chinkadindidwa pa macheke, n'kuchidinda pa timapepala tosindikizidwa konkuno, n'kulemba kuti ndi sitampa ya makalata a m'dziko momwemuno basi. Koma chinthu chopangidwa mothamanga chotere munthu wina wochenjera akanatha kuchikopera. Ndiye anatani? Mkulu wa positi, J. T. Gosling, anayamba kulemba zilembo zoyambirira za dzina lake kuseri kwa masitampawo ndi dzanja lake. Dzanja litatopa, kapena ntchito itachuluka, anayamba kudinda kuseriko manambala ndi zilembo zosiyanasiyana zolondolera. Lero anthu osonkhanitsa masitampa kunja amawafuna kwambiri. Ine ndimawaona ngati agogo ake a linki imene inavutitsa mwana wanga uja: kachinthu kakang'ono, kokhala ndi chizindikiro chobisika chimene ofesi yokha ndiyo ingachizindikire, kogwira ntchito kamodzi kokha. Sitampa ikamenyedwa chidindo cha tsiku, yatha. Sungaimatenso pa kalata ina.

Kenako kunabwera waya. Rhodes anali ndi loto lolumikiza Cape Town ndi Cairo, ndipo kampani yake ya African Transcontinental Telegraph inakoka waya kuchokera ku Salisbury kudzera ku Tete, Blantyre ndi Zomba, kudutsa kuno, n'kutsata gombe la nyanja kupita ku Karonga chakumapeto kwa zaka za m'ma 1890. Ku Cairo wayayo sanafike. Koma zimene anachita kuno n'zokwanira, ndipo umboni wake uli poyera, aliyense wodutsa pa nsanja ya wotchi ya Queen Victoria, ija ya 1903 pafupi ndi mlatho, amauona. Ndikunena mfuti yaikulu ija. Inali ya sitima ya nkhondo yotchedwa Guendolen, imene inalumikizidwa ndi kuponyedwa m'madzi konkuno ku Fort Johnston mu 1899.

Britain inalowa nkhondo ndi Germany pa 4 Ogasiti 1914. Uthenga unafika ku Nyasaland pa waya, ndipo Captain Rhoades wa Guendolen analamulidwa kukawononga sitima ya Ajeremani, Hermann von Wissmann. Anaipeza pakati pa mwezi womwewo ku Sphinxhaven, kumene lero ndi ku Liuli m'dziko la Tanzania, itakokeredwa kumtunda kuti ikonzedwe, ndipo anaiombera. Nkhani imene imakambidwa ndi yoti kaputeni wa Chijeremani, Berndt, amene anali mnzake wa Rhoades womwera naye limodzi, anapalasa bwato mokwiya kudzafunsa ngati mnzakeyo waledzera. Sankadziwa kuti kunja kuli nkhondo. Mmodzi uthenga unamufika, wina sunamufike, ndipo ulamuliro wa nyanja yonse unathera pomwepo. Ndikamaphunzitsa za nkhondo yoyamba ya padziko lonse ndimayambira apa, osati ku Sarajevo, ndipo palibe mwana amene amagona.

Koma makalata a maboma tiwasiye. Positi inakhala ya ife eni dziko pamene amuna anayamba kupita kukagwira ntchito ku Salisbury, ku Bulawayo ndi ku migodi ya ku Joni, ena kudzera kwa Mthandizi, ena kwa Wenela, ena paokha wapansi. Munthu ali ku Joni, mkazi ali ku Malindi kapena ku Katuli, ndipo pakati pawo pali kalata ndi postal order. Mkaziyo analibe bokosi la positi. Mwina sankathanso kuwerenga. Adiresi imene mwamuna ankalemba inali ya sukulu ya pulaimale, ya mishoni, ya sitolo ya Mmwenye kapena ya mfumu, ndi timawu tija "c/o Headmaster." Bokosi limodzi linkatumikira midzi ingapo.

Amene tinayamba ntchito nthawi ya makalata tikukumbukira. Lolemba pa asembule, mapemphero ndi nyimbo ya fuko zikatha, ahedi ankatulutsa mtolo n'kuyamba kuitana maina, ena a ana a sukulu, ena a anthu a m'mudzi. "Ndani amakhala pafupi ndi Che uje?" Kamwana kankakweza dzanja, kalata n'kupita m'thumba la mabuku. Zambiri zinkafika. Zina zinkafika zotsegulidwa, ndipo za atsikana a ku boarding zinkayamba zawerengedwa ndi a matron. Adiresi inali yoona, koma kalata yofika pa adiresi yoona sinali yofika kwa mwini wake ayi. Ndi phunziro lomweli limene mwana wanga wa ku Namwera wakumana nalo patapita zaka makumi angapo: mnyamata wa fotokope anali "c/o" wake.

A positi ankadziwa za vutoli, ndipo anali ndi mankhwala ake pa makalata ofunika. Kalata ya rejisitala sinkaponyedwa m'bokosi. M'bokosimo munkangoikidwa kapepala kokhala ndi nambala, kouza mwini wake kuti abwere yekha pa kauntala. Ankabwera ndi kapepalako, kalaliki n'kufananiza nambala ndi ya m'kaundula, munthu n'kusaina kapena kudinda chala. Akachedwa kupitirira masiku oikika, kalata inkabwezedwa kwa wotumiza. Wotumiza akafuna mtendere wa mumtima ankalipira kena kowonjezera kuti pa kalatapo pamatidwe kakhadi kofiirira, kamene wolandira ankasaina, ndipo kankabwerera njira yonse mpaka kwa iye. Kakhadiko kakafika, ankadziwa kuti adiresi ija ilikodi ndipo pali munthu wamoyo amene walandira. Sungani chithunzi chimenechi, chifukwa tibwererako.

Kusaina nakonso kunali ndi mavuto ake poti dziko lino linalibe chiphaso cha unzika mpaka kalembera wa National Registration Bureau wa 2017. Mayi wopita kukatenga ndalama ankatenga kalata ya amfumu, kapena chidindo cha ahedi, kapena munthu wodziwika kwa kalaliki kuti akamuchitire umboni. Nkhope ya mthenga ija ya nthawi ya Makanjira sinathe. Inangosamukira pa kauntala. Wenela nayo, posafuna kuti ndalama zonse zithere ku Joni, inkasunga gawo la malipiro kuti munthu adzalandire akabwerera kwawo, ndipo pamenepo mapepala a kontirakiti ndi chala ndizo zinkalankhula. Njira imeneyo inaduka mu Epulo 1974 pamene ndege ya Wenela inagwa ku Francistown n'kupha Amalawi 74, Dr Banda n'kuimitsa kulemba anthu ntchito ku migodi. Inatsegulidwanso mu 1977 pansi pa dzina la TEBA, n'kudzatsekedwa mu 1988. Anthu a kuno sanasiye kupita ku Joni, koma tsopano ndalama zimabwera ndi madalaivala a mabasi ndi pa foni.

Za telegalamu ndingonena chimodzi. Inkalipiridwa pa liwu lililonse, choncho inkakhala yaifupi ndipo kawirikawiri yoopsa: amayi adwala, bwera msanga. Kalaliki sankafufuza ngati amayiwo akudwaladi, ngakhalenso ngati wosaina pansiyo ndi yemweyo. Ndikudziwa aphunzitsi amene anapezera tchuthi njira imeneyi, ndipo ahedi ena anafika pomakana telegalamu ya maliro mpaka amve uthengawo pa wailesi ya MBC. M'nthawi ya chipani chimodzi kunalinso mantha a mtundu wina, oti kalata yako ifika koma yayamba yawerengedwa ndi maso ena panjira. N'chifukwa chake mu 1992, kalata ya maepiskopi a Katolika ija itawerengedwa m'matchalitchi pa 8 Malichi, nkhani zambiri zinayamba kuyenda pa fakisi ndi pa fotokope, osati m'maenvelopu.

Imelo inabadwira ku America. Mu 1971 Ray Tomlinson ndiye anasankha chizindikiro cha @ kuti chilekanitse dzina la munthu ndi dzina la makina. Malamulo otumizira imelo amene akugwirabe ntchito, otchedwa SMTP, analembedwa mu 1982, nthawi imene ogwiritsa ntchito anali ochepa, a m'mayunivesite ndi m'maofesi a kafukufuku, odziwana okhaokha. Choncho sanaikemo njira yotsimikizira wotumiza. Mzere wa "From" uja uli ngati kuseri kwa envelopu: aliyense angalembepo dzina limene wafuna. Pambuyo pake anawonjezera zigamba zothandiza makina kuzindikira kalata yabodza, koma maziko ake ndi omwewo.

Kuno imelo inalowera ku Chancellor College ku Zomba chakumayambiriro kwa zaka za m'ma 1990, kudzera mu ntchito ya Dr Paulos Nyirenda ndi anzake, pa dongosolo la Fidonet limene kompyuta inkaimba foni pa nthawi zoikika n'kusinthana mtolo wa makalata, chimodzimodzi amtengatenga olandirana thumba. MalawiNet inayamba kugulitsa intaneti mu 1997. Lamulo la 1998 linakhazikitsa MACRA, ndipo mu 2000 positi ndi matelefoni zinalekana, kukhala Malawi Posts Corporation ndi MTL. Ku Mangochi ambiri a ife tinaiona imelo koyamba m'zaka za m'ma 2000, m'makafe a intaneti, tikulipira pa mphindi, tsamba la Yahoo likutseguka pang'onopang'ono ngati bwato lolimbana ndi mwera. Ndipo poti mphindi zinali zodula ndipo zala zathu zinali zosazolowera, tinkangouza mnyamata wa pa kafe kuti "tanditsegulire." Chizolowezi chimenecho n'chimene chilipobe.

Tsopano tione zimene zimachitika mwana akalemba imelo yake pa fomu. Webusaiti ilibe maso. Yalandira zilembo zokha, ndipo siidziwa zinthu zitatu: ngati adiresiyo ilikodi, ngati yalembedwa molondola, ndiponso ngati wolembayo ndi amene amaitsegula. Chilembo chimodzi chikaphonyeka, makalata onse a mtsogolo, a kuitanidwa ku intavyu, a zotsatira, a kusintha pasiwedi, azipita kwa mlendo wa ku Manila kapena adzingosowa. Munthu wa njiru angathenso kulembetsa dzina la mnzake pa malo amene mnzakeyo sakuwafuna.

Ndiye webusaiti imachita zimene Gosling anachita. Imapanga mndandanda wautali wa zilembo ndi manambala osakanikirana mwachisawawa, mwina 30 kapena 40, moti ngakhale kompyuta itamayesa kulota usana ndi usiku singaupeze. Imalemba m'kaundula mwake kuti mndandanda uwu ndi wa akaunti yakuti, wapangidwa nthawi yakuti. Opanga mawebusaiti osamala sasunga mndandanda weniweniwo, amasunga chidindo chake cha masamu chimene sichingabwezedwe m'mbuyo, kuti wakuba akaba kaundula asapezemo makiyi. Kenako imamata mndandandawo kumapeto kwa linki n'kuutumiza ku adiresi ija, kwina kulikonse ayi. Ukadina, foni yako imabweza mndandandawo kwa webusaiti. Iyo imafananiza ndi wa m'kaundula, ndipo zikagwirizana imadziwa kuti amene anadzaza fomu ali ndi kiyi wa bokosi lija. Ndi kakhadi kofiirira kaja, kabwerera kwa wotumiza katasainidwa.

Chimene chinamupweteka mwana wanga, kufa kwa linki, si nkhanza. Linki imapatsidwa moyo wa maola ochepa kapena tsiku limodzi kapena awiri, ndipo ikagwira ntchito kamodzi imafufutidwa, pa chifukwa chomwe kalata ya rejisitala inkabwezedwera ikagonera pa kauntala. Imelo yakale imatha kuonedwa ndi wina pa kompyuta ya pa kafe imene mwaiwala kutseka, kapena pa foni yobwereka. Linki yosafa ikanakhala kiyi wosiyidwa pakhomo. Komabe ndinene maganizo anga: amene amaika malire a ola limodzi sanakhalepo ku Makanjira nthawi ya dzinja, magetsi atathima, netiweki ikupezeka pa chulu chimodzi chokha. Webusaiti yopangira Amalawi iyenera kupereka nthawi yokwanira, kuika batani looneka bwino lopemphera linki ina, komanso kulola munthu kukonza adiresi ngati anaphonya, osati kumuuza kuti "adiresi iyi ilipo kale" n'kumutsekera kunja.

Pali kachinthu kena kamene anzanga a Computer Studies angakonde. Maofesi ndi masukulu ambiri ali ndi makina osefa makalata, amene amatsegula okha linki iliyonse yobwera kuti aone ngati muli chinyengo, mwini wake asanaione n'komwe. Ngati webusaiti inapangidwa moti kungotsegula linki ndiye kutsimikiza, makinawo amakhala atadya kale mndandanda uja, ndipo munthu akamadzadina amauzidwa kuti linki yagwiritsidwa ntchito kale. A matron awerenga kalata n'kusainanso m'malo mwako! N'chifukwa chake mawebusaiti opangidwa bwino, ukadina linki, amakuonetsa tsamba lokhala ndi batani loti udine kachiwiri ndi chala chako. Ana amadandaula kuti n'kutaya bandulo. Si kutaya ayi.

Onani bwino chimene linki imatsimikiza. Siitsimikiza kuti ndiwe amene ukunena kuti ndiwe. Imangotsimikiza kuti pa ola limenelo unatha kutsegula bokosi. Ngati kiyi ali ndi anthu awiri, webusaiti siingawasiyanitse. Ndipo popeza ukaiwala pasiwedi linki yosinthira imapitanso ku bokosi lomwelo, wogwira imelo ndiye wagwira akaunti zonse zomangiriridwa pa iyo. Mabokosi amasinthanso eni. Mu 2013 Yahoo inatenga maina a maakaunti amene anagona nthawi yaitali n'kuwapereka kwa anthu atsopano, ndipo ena mwa atsopanowo anayamba kulandira makalata a eni akale. Amene munatsegula Yahoo pa kafe mu 2006 n'kuiiwala, ganizirani. Nambala ya foni nayo ikakhala nthawi yaitali osagwira ntchito kampani imatha kuipereka kwa wina, monga momwe positi imachitira ndi bokosi limene lendi yake sinalipiridwe.

Akathyali nawo anaphunzira kalekale kuti anthu tazolowera kudina. Amatumiza kalata yooneka ngati ya banki kapena ya Facebook, yoti "tsimikizani akaunti yanu lero, apo ayi itsekedwa," ndipo linkiyo imakufikitsa pa tsamba lawo lofunsa pasiwedi. Chosiyanitsa n'chosavuta. Linki yoona imabwera mphindi zochepa iwe utaipempha, ngati yankho la chinthu chimene wachita. Imene yangofika yokha, yodzaza ndi changu ndi kuopseza, ndi telegalamu ya maliro abodza ija. Yang'ananinso dzina la webusaiti, mawu amene ali kumayambiriro kamzere koyamba kopendekeka kasanafike: pali kusiyana pakati pa dzina lothera ndi ac.mw ndi lina longolowetsa zilembo zomwezo pakati koma n'kuthera kwina.

Kuno kwathu zambiri mwa izi zasamukira pa SMS. Airtel Money inayamba mu 2012, TNM Mpamba mu 2013, ndipo mu 2018 aliyense analamulidwa kulembetsa simu khadi yake ndi chiphaso. Timanambala tija tobwera pa foni ndi linki yomweyo yofupikitsidwa. Woimba foni wonena kuti "ndine wa ku ofesi, ndiwerengereni nambala imene mwalandirayo" akupempha kuti mumupatse kapepala kanu ka rejisitala akakutengereni katundu. Asodzi a ku Msaka ndi ku Chembe, amayi ogulitsa usipa, ngakhale ife aphunzitsi tsiku la malipiro, tonse timaimbiridwa.

Chiyambireni nkhani ya mtsikanayu ndayamba kutenga phiriyodi imodzi mu Form 4, teremu yomaliza, kuti mwana aliyense atsegule imelo yake ndi zala zake, nambala yobwezeretsera ikhale yake kapena ya kholo limene amakhala nalo, ndipo adzitumizire yekha kalata kuti aone kuti ikufika. Pa silabasi ya History palibepo, ndipo mnzanga wina wa m'dipatimenti wandiseka kale kuti ndikulowerera munda wa eni. Ndamuyankha kuti mundawo ndinauyambira kwa Harrhy. Chovuta chenicheni ndi chakuti ana ambiri alibe foni yawoyawo, ndipo foni ya pakhomo imayenda m'manja mwa achimwene, alamu ndi amalume. Pamenepo chimene ndingathe n'kuwaphunzitsa kutuluka mu akaunti akamaliza, basi.

Mtsikana uja sitinalimbanenso ndi imelo yakale. Tinakhala pakhonde, anatsegula yatsopano pa foni yanga, pasiwedi anasankha yekha ine nditayang'ana kumbali, n'kuyambiranso fomu. Linki sinaoneke. Tinadikira mphindi khumi, thukuta lili kamukamu, mpaka ndinakumbukira kutsegula Spam, ndipo inali momwemo pakati pa makalata otsatsa malonda. Anadina, anadinanso batani lachiwiri, fomu inapita kutatsala tsiku limodzi kuti atseke. Pano akudikira yankho kwawo ku Namwera, ndipo Loweruka lililonse amabwereka foni ya mayi ake aang'ono kukaona ngati kwabwera kanthu. Imelo yakale ija ikadali ndi mnyamata wa ku Joni, ndipo m'katimo muli chithunzi cha satifiketi yake ya MSCE ndi cha chiphaso chake cha unzika. Wamulembera kawiri kumupempha kuti azifufute, yankho silinabwere.